Mpira ndi chigumu: chuma cha mabanja a m'makomboni a ku Chinhoyi

Tauni ya Chinhoyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 115 kuchokera mumzinda wa Harare, pa msewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Kariba. Alendo amaidziwa kaamba ka mapanga ake okhala ndi dziwe lakuya la madzi oyera mbee, ndipo olemba mbiri amaikumbukira chifukwa cha nkhondo ya pa 28 Epulo 1966, pomwe anyamata 7 omenyera ufulu wa dziko la Zimbabwe adaphedwa. Koma m'midzi yambiri ya ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Nkhata Bay ndi Chipata, dzina lakale la tauniyi, loti Sinoia, limakumbutsa zina. Kumeneko ndi kumene kudalowera agogo aamuna ndi kathumba paphewa, atalonjeza kuti pakatha zaka ziwiri abwerako ndi njinga, bulangete ndi ndalama ya msonkho. Ambiri sadabwerere, ndipo kumudzi adawatcha matchona.

Zidzukulu za matchonawa zikadali komweko, m'madera a Banket, Trelawney, Lion's Den, Raffingora ndi Mhangura, ndiponso m'makomboni a tauni ya Chinhoyi monga Chikonohono ndi Gadzema. Zambiri zolembedwa za anthuwa ndi za misozi: malipiro ochepa, kusowa malo, kusowa zitupa ndi kunyozedwa. Zonsezo nzoona ndipo nzoyenera kunenedwa. Komabe banja silikhala zaka makumi asanu ndi limodzi pa malo amodzi likudya madandaulo okha. Pali zinthu ziwiri zazing'ono zomwe zidathandiza mabanjawa kuimika mutu pakati pa anthu: bwalo la mpira la kuseri kwa komboni ndi poto wa chigumu wa pamafuwa. Amene akufuna kumvetsa moyo wa anthuwa, ngakhalenso amene akufuna kuwathandiza, ayenera kuyambira pamenepa.

Ulendo wa ku Halale, monga ankanenera akale, udakula m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, pomwe ku Nyasaland ntchito zolipira bwino zidali zosowa. Ena adayenda wapansi kudzera ku Tete nkuwoloka Zambezi, ena adakwera malole a ulere, ndipo kuyambira mu 1946 ambiri adalembedwa ndi bungwe lotolera antchito lomwe anthu adalipatsa dzina loti Mthandizi. Dera la Chinhoyi lidawakoka chifukwa cha nthaka yake yachonde, momwe azungu ankalima fodya, chimanga ndi tirigu, komanso chifukwa cha migodi ya mkuwa ya Alaska, Shackleton ndi Mangula. Eni dziko ambiri adali ndi minda kwawo, choncho ntchito ya papulazi ankaigwira kwa kanthawi chabe. Mlendo ndiye ankakhazikika, nkukwatira, nkubereka ana pakomboni pomwepo.

Moyo wa papulazi udali wa belu ndi kapitawo. Nyumba idali ya bwana, madzi a bwana, nkhuni za m'nkhalango ya bwana, ndipo phoso la ufa, nyemba ndi mchere linkachokera m'nkhokwe ya bwana. Munthu akachotsedwa ntchito ankataya zonsezi tsiku limodzi. Nthawi yokolola ndi yowotcha fodya, bambo ankagona ku nyumba zowotchera fodya akusonkhezera moto, pomwe mayi ndi ana okulirapo ankasankha masamba mpaka dzuwa kulowa. Pa moyo wotere, chinthu chomwe banja likadaloza ndi chala nkunena kuti ichi nchathu chidali chosowa kwambiri. Chomwe chidatsala m'manja mwawo ndi luso: luso la miyendo, la mawu, la ng'oma ndi la manja a mayi pa ufa.

Tsiku lopuma lidali Lamulungu. M'mawa anthu ankagawikana: ena ku tchalitchi cha CCAP kapena cha Katolika, ndipo a Chiyao ambiri adali atapemphera kale Lachisanu kumzikiti. Masana onse ankakumana pabwalo. Mapulazi ndi migodi yambiri idali ndi timu yake. Eni ake ankaona kuti mpira umachepetsa ndewu ndi kuledzera, choncho ankalola kuti kachigawo ka malo kalambulidwe, nkupereka mitengo ya zigoli, ndipo nthawi zina ankabwereketsa thirakitala yonyamula osewera ndi ochemerera kupita ku pulazi yoyandikana nayo. Zolinga za bwana zidali zake, koma bwalo likadzaza linkasanduka la anthu. Pabwalo kapitawo adali wochemerera ngati wina aliyense, ndipo mnyamata wodyetsa ng'ombe, amene sabata yonse ankaitanidwa ndi likhweru, ankatchulidwa dzina lake lenileni ndi khamu lonse.

Apa ndi pamene padagona kunyada kwa banja. Mwana akamwetsa chigoli, oyamba kuimba nthungululu adali mayi ake, kenaka azakhali ndi anansi, ndipo bambo ankangoti phee kwa kanthawi ngati sizikuwakhudza, kufikira anzawo atabwera kudzawagwira chanza. Madzulo ake pakomboni ponse nkhani idali yoti mwana wa a Phiri kapena wa a Banda wachita zakupsa. Kwa munthu amene eni dziko ankamutcha Mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, ngakhale kuti mzindawo sadaupondemo, kumva mfunda wake ukutchulidwa mwaulemu chidali chinthu chachikulu. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Ana a matchona sadali oipa, koma adaikidwa kumapeto a mphasa, ndipo adazindikira msanga kuti pabwalo la mpira ndi pa gitala palibe amene amafunsa kuti kwanu nkuti.

Umboni wa zimenezi uli m'mbiri ya masewero ndi zoimbaimba ya dziko la Zimbabwe. Alick Macheso, katswiri wa nyimbo za sungura, adabadwa mu 1968 kwa bambo wochokera ku Malawi ndipo adakulira m'mapulazi a ku Shamva; mpaka lero zina mwa nyimbo zake amaziimba m'Chichewa. Pa mpira, Moses Chunga, amene makolo ake ali ndi mizu ku Malawi, adatchuka ndi timu ya Dynamos asadapite kukasewerera Eendracht Aalst ya ku Belgium chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo mu 1978 kwa makolo a mtundu wa ku Malawi, adafika pokhala mtsogoleri wa timu ya dziko ya Warriors, ndipo mu 2006 adamwetsa chigoli pomwe Zimbabwe idagonjetsa Ghana 2-1 pa mpikisano wa chikho cha Africa ku Egypt.

Dera la Chinhoyi nalo lidali ndi nyenyezi yake pa mpira. Mgodi wa Mangula, womwe pambuyo pake udatchedwa Mhangura, udali ndi timu yomwe inkalimbana ndi matimu a m'mizinda ikuluikulu ndipo idatengapo chikho cha Castle Cup. Timuyi imakumbukika kwambiri chifukwa cha anyamata apachibale a banja la Chieza, omwe ankavala yunifolomu imodzi pabwalo limodzi. Mmodzi mwa iwo, Tendai Chieza, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo mu 1970. Banja limodzi lidaonetsa dera lonse kuti ulemerero ukhoza kutuluka m'nyumba ya pamgodi. Ana a m'mapulazi ozungulira, omwe ankasewera mpira wachikulunga wa nsanza ndi mapepala, adali ndi malo oyandikira oti aziwalota. Mgodiwu utatsekedwa cha m'chaka cha 2000, timuyo nayo idafooka, ndipo njira yomwe inkachokera pabwalo la papulazi kukafika ku ligi yaikulu idaduka pakati.

Pamene abambo ndi anyamata ankakonzekera za pabwalo, kuseri kwa nyumba kunkafuka utsi wa mtundu wina. Amayi ochokera ku Malawi, komanso ana awo aakazi obadwira pakomboni, adasunga kaphikidwe ka chigumu. Zofunika zake nzosavuta kupeza: ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri, mchere pang'ono, soda, madzi kapena chambiko, ndi shuga ngati alipo. Nthochi amaziponda mpaka zitasalala, kenaka nkuthiramo ufa pang'onopang'ono kufikira phalalo litalimba moti likhoza kutsika lokha pa chipande koma osayenderera ngati madzi. Soda amathira kumapeto. Poto amamupaka mafuta, kapena kuyalamo tsamba la nthochi lowaula pamoto, kuti chigumu chisakakamire.

Luso lenileni lili pa moto. Pakomboni padalibe uvuni, choncho poto ndiye ankagwira ntchitoyo. Pansi pake pamakhala makala ochepa okutidwa ndi phulusa, ndipo pamwamba, pa chivundikiro kapena kachidutswa ka lata, pamakhala makala ambiri. Moto wa pansi ukachuluka, chigumu chimapserera kunsi pomwe pakati pakadali phala. Wa pamwamba ukachepa, sichifiira ndipo chimatuluka choyezuka. Wophika wodziwa savundukula poto kawirikawiri, pakuti kutentha kukathawa chigumu chimafwamphuka nkukhala chikwakwata. Amadikira fungo, kenaka nkubaya pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma ndiye kuti chapsa. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mtsikana aliyense amene adaphunzira chigumu adayamba wapsereza kaye chimodzi kapena ziwiri.

Chomwe chimafufumitsa chigumu ndi mgwirizano wa soda ndi zinthu zowawasa. Soda akakumana ndi chambiko, madzi a mandimu kapena nthochi zakupsa, amatulutsa timpweya tomwe timakodwa m'phalamo, ndipo moto umaumitsa phalalo timpweyato tisadathawe. Nchifukwa chake phala lothiridwa soda silichedwetsedwa pambali, komanso nchifukwa chake soda wochuluka amasiya kakomedwe ka sopo mkamwa: wosalayo amakhala wasowa chowawasa choti agwirizane nacho. Amayi a m'makomboni sadaphunzire zimenezi m'kalasi, koma zala zawo zidadziwa muyeso wake.

Atafika ku Mashonaland, amayiwa adapeza kuti anansi awo a Chishona ali ndi mkate wawo wa m'poto wotchedwa chimodho, wosakaniza ufa wa chimanga ndi wa tirigu. Ku Chinhoyi tirigu amalimidwa m'nyengo yozizira ndi madzi othirira, choncho ufa wake sudali wachilendo pakomboni. Maphikidwe awiriwa adabwerekana. Wina adaphunzira kuponderamo nthochi, wina adaphunzira kuthiramo ufa wa tirigu kuti mkate ufewe. Chikondamoyo, zitumbuwa ndi mandasi nazo zidapeza malo pa mbale imodzi ndi chimodho. Maukwati ambiri a pakati pa mitundu iwiriyi adayambira pa ubale wa kuseri kwa nyumba woterewu, pomwe mayi wina ankatuma mwana kukapempha kasupuni ka soda kwa mnzake, nkubweza ndi chidutswa cha zomwe waphika.

Mpira ndi chigumu zinkakumana m'mphepete mwa bwalo. Mayi ankadula chigumu chake m'zidutswa, nkuziika m'beseni lovundikira ndi nsalu yoyera, ndipo pofika mapeto a masewero beseni lidali litapepuka. Ndalama zake zidali zochepa, koma zidali za mayiyo, zosadutsa m'buku la malipiro la papulazi. Zinkagula sopo, makope a ana asukulu, palafini, ndipo nthawi zina nsapato zoyamba za mpira za mwana wamwamuna. Zidutswa za m'mphepete mwa poto, zokhala ndi khoko lofiira, sizinkagulitsidwa. Zimenezo zidali za pakhomo, zodyera tiyi madzulo pomwe banja lonse likubwereza nkhani ya chigoli kachitatu kapena kachinayi, aliyense akuwonjezera pake.

Chaka cha 2000 chidasintha zonse. Ntchito yolanda ndi kugawa mapulazi a azungu itayamba, m'dzikomo mudali antchito a m'mapulazi oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu lidali la mbadwa za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kuti malo adagawidwa mopanda chilungamo m'nthawi ya atsamunda palibe wotsutsa. Koma pogawa malowo, antchitowa adapeza ochepa kwambiri. Eni dziko omwe adachotsedwa ntchito adali ndi midzi yobwererako, pomwe mdzukulu wa tchona mudzi wake udali komboni yomweyo. Ena adatsala kumagwira maganyu kwa alimi atsopano, ena adalowa m'zigwa kukasa golide, ena adakadzazana m'nyumba zakale za migodi ya Alaska ndi Shackleton. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'dzikomo kwa makolo akunja adauzidwa kuti akane unzika wa maiko omwe ambiri a iwo sadawaonepo. Ochuluka adalephera kutero pa nthawi yake, natsala opanda dziko. Mabwalo ambiri a mpira adalimidwa chimanga, ndipo mitengo ya zigoli idathera pamoto.

M'zaka zowawazo, luso la m'manja ndi lomwe lidaimirira. Boma litalamula mu Juni 2007 kuti mitengo ya katundu itsitsidwe, mashelefu a m'masitolo adatsala mbee ndipo buledi adasowa. Pofika Julayi 2008, chiwerengero cha boma cha kukwera mitengo kwa zinthu chidafika pa maperesenti 231 miliyoni, ndipo ndalama yolandira m'mawa inkafika madzulo itatha mphamvu. Mabanja a m'tauni omwe kale ankaona mkate wa m'poto ngati chakudya cha osauka adayamba kufunsa kaphikidwe kake. Mayi wodziwa kufufumitsa ufa wa chimanga popanda yisiti kapena uvuni adatha kupatsa ana ake chodyera tiyi, ndiponso kusinthanitsa chotsala ndi kapu ya nyemba kapena ya kapenta. M'chaka chomwecho, pa 10 Febuluwale 2008, Benjani adamwetsa chigoli pa masewero ake oyamba mu timu ya Manchester City, yomwe idagonjetsa Manchester United 2-1 pa bwalo la Old Trafford. Chigolicho sichidadzaze nkhokwe ya munthu aliyense ku Makonde, koma anthu omwe ankauzidwa kuti alibe kwawo adaona mwana wa mtundu wawo akukweza dzina la Zimbabwe pamaso pa dziko lonse.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adabweretsa mpumulo. Adanena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asadayambe kugwira ntchito, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye amakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Adaikanso Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Koma lamulo la papepala limayenda pang'onopang'ono kukafika kukomboni. Agogo amene adalibe chitupa adalephera kulembetsa mwana wawo, ndipo mwanayo naye amavutika kulembetsa wake. Vutoli limaonekera ngakhale pa masewero: mipikisano ya sukulu imafuna chikalata cha kubadwa pofuna kutsimikiza zaka za wosewera, choncho mwana waluso wopanda chikalatachi amatsala kunja kwa mzere akuonerera anzake omwe amawapambana. Mmera mpoyamba, ndipo luso lomwe latsekeredwa kunja pa zaka 12 kawirikawiri silipezanso khomo lina.

Ngakhale zili choncho, mitima ya mabanjawa idaphunzira kukonda maiko awiri popanda kung'ambika. Mu 2019, pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa ntchemberembaye ku Liverpool, timu ya Zimbabwe ya Gems idapikisana nawo koyamba nkumaliza pa nambala 8, pomwe Malawi Queens idamaliza pa nambala 6. Pa 14 Januwale 2022, mumzinda wa Bafoussam ku Cameroon, Flames idakumana ndi Warriors pa chikho cha Africa. Ishmael Wadi ndiye adayamba kumwetsa chigoli cha Zimbabwe, koma Gabadinho Mhango adabweza ziwiri, Malawi nkupambana 2-1. Masewero otere amagawa nyumba ya tchona pakati: okalamba amakokera kwa makolo awo, achinyamata amakokera ku dziko lomwe adabadwira. Koma ndi mkangano wokoma, pakuti mbali iliyonse ikapambana, m'nyumbamo mumakhala wosangalala, ndipo wogonja amatonthozedwa ndi tiyi yemweyo.

Mabungwe a chitukuko akafika m'madera a m'mapulazi akale amawerenga mijigo, zimbudzi, makalasi ndi zipatala. Zimenezo nzofunika ndipo zikusowekadi. Koma pa mndandandawo payenera kuwonjezedwa zinthu zitatu zosalira ndalama zambiri. Choyamba, pogawa malo pa pulazi kapena pokonza mudzi watsopano, kachigawo ka bwalo la masewero kazisungidwa monga momwe amasungira malo a sukulu ndi manda, ndipo pakhale mbali ya atsikana. Chachiwiri, ntchito yolembetsa ana iziperekezedwa kumakomboni komweko, mogwirizana ndi aphunzitsi a zamasewero, popeza iwo ndiwo amadziwa ana omwe akutsalira chifukwa cha zikalata. Chachitatu, magulu a amayi ophika zigumu, zitumbuwa ndi chimodho azithandizidwa ndi mbaula zosatha nkhuni, ngongole zazing'ono ndi malo aukhondo ogulitsira pafupi ndi sukulu, misika ndi mabwalo.

Pali udindo winanso womwe bungwe lililonse silingausenze. Amayi omwe adaphunzira chigumu kwa anthu obadwira ku Nyasaland akukalamba, ndipo muyeso wa ufa ndi soda sudalembedwe paliponse. Uli m'zala zawo. Abambo omwe akudziwa kuti ndani adasewera pa timu ya pulazi yakutiyakuti, ndiponso kuti agogo adachokera mudzi uti, kwa mfumu iti, nawo akutha mmodzimmodzi. Mwana wa ku Chikonohono amene lero amayankhula Chishona kusukulu ndi Chingerezi pa foni sadzafunsa zimenezi payekha. Ayenera kuitanidwa kuti akhale pafupi ndi mafuwa, apatsidwe nthochi aponde, auzidwe chifukwa chake makala ambiri amakhala pamwamba, ndipo podikira kuti chigumu chipse amve mayina a anthu ndi a midzi. Chibale ndi fupa, sichiola, koma fupalo limafuna wolilozera pomwe lili.